Opopera udzudzu amene anayamba ndi kuyang'ana m'madzi

Mvula ikangoyamba mu Novembala, manambala a anthu opopera tizilombo amadzaza pamitengo ya magetsi ndi pa Facebook, aliyense akulonjeza kuti udzudzu utheratu. Ine ndinaitana kakampani kena ka anyamata awiri kuti kabwere kwathu ku Chilenje, mu Lusaka. Ntchito yawo ndaikonda, ndipo chimene chandisangalatsa kwambiri si kupoperako ayi.

Wamkulu wa awiriwo sanathamangire pampu yake. Anandipempha kapu yoyera, n'kuyamba kuzungulira bwalo lonse akutunga madzi paliponse pamene aima: m'tayala lakale kuseri kwa nyumba, m'diramu lomwe timasungiramo madzi, ndi pamene chivundikiro cha septic (dzenje la zonyansa za kuchimbudzi) chinang'ambika. "Amayi, tabwerani muone," anatero. M'kapumo munali timphutsi tambirimbiri tolendewera mutu pansi. Anati timeneto ndi ta Culex, udzudzu wa m'madzi onyansa womwe umatiimbira m'khutu usiku wonse koma supatsa malungo. Kenako anatunga pakachithaphwi ka madzi a mvula pafupi ndi geti, pomwe magalimoto anakumba. Timphutsi ta pamenepo tinali tochepa, ndipo tinagona chopingasa pamwamba penipeni pa madzi. "Awa ndiye a Anopheles, eni ake a malungo. Amakonda madzi oyera owombedwa ndi dzuwa." Pakutentha kwa dzinja, sabata imodzi kapena ziwiri zimakwana kuti dzira lisanduke udzudzu wouluka, ndiye mukapopera m'nyumba osakwirira kachithaphwi kotere, ndalama zanu zalowa m'madzi.

Anandiuzanso mosabisa kuti kuno ku Lusaka malungo ndi ochepa poyerekeza ndi ku Luapula kapena kwathu kum'mawa, choncho udzudzu wambiri wotiluma ndi wongosowetsa tulo. Munthu wongofuna ndalama akanandiopseza. Komabe anandichenjeza kuti mwana akatentha thupi ndisamayerekeze, ndipite naye kukiliniki akamuyeze magazi, makamaka ngati tachokera ku Chipata kukaona agogo ake.

Kupoperako kunayenda bwino. Ndinafunsa pepala la chilolezo cha ZEMA, bungwe loyang'anira mankhwala otere, ndipo anandionetsa pamodzi ndi botolo la mankhwalawo lisanatsegulidwe. Tinatulutsa ufa, ziwiya ndi madzi akumwa, mipando tinaikankhira pakati n'kuifunditsa. Anapopera makoma ndi kunsi kwa mabedi, n'kutiuza kuti tikhale panja maola awiri, tikalowa titsegule mawindo, tisese tizilombo takufa nkhuku zisanatole, ndiponso tisatsuke makomawo kapena kupaka penti. Fungo ndiye linali lamphamvu, amuna anga anagona ndi mutu usiku umenewo.

Zondidandaulitsa zilipo ziwiri. Mnyamata wothandiza uja anasungunula mankhwala ndi manja opanda magolovesi, pakamwa atangomanga kansalu. Zinandipweteka mtima, pakuti ndi mwana wa munthu ndipo ntchitoyi amaigwira tsiku ndi tsiku. Ndinamuuza bwana wake pomwepo. Chachiwiri, analonjeza kudzabweranso kudzaona ngati timphutsi tabwerera, koma mpaka lero foni imangolira osayankhidwa, chonsecho ulendo umenewo unali m'kati mwa mtengo womwe tinapangana.

Udzudzu m'nyumba unachepa kwambiri, ngakhale madzulo pakhonde umabwerabe kuchokera m'ngalande ya mumsewu yomwe ife eni ake timaitseka ndi mapulasitiki. Kachithaphwi kaja tinakwirira ndi miyala, diramu tinalipezera chivundikiro, ndipo a landilodi anamata septic ndi kuika kasefa pakamwa pa paipi yotulutsa mpweya. Maneti sitinachotse, ana akugonabe m'menemo.

Ngati mufuna kuitana opopera, afunseni pafoni ngati amayamba ayang'ana kumene udzudzu ukuswera, ndipo gawo lina la ndalama mudzawapatse akabwera ulendo wachiwiri.