Kuchoka pa doko la Katakolo kupita ku Olympia: basi ya kampani, takisi kapena sitima yapamtunda?

Katakolo ndi kamudzi ka m'mbali mwa nyanja kumadzulo kwa Peloponnese, ku Greece. Mukatsika sitima yapamadzi, mphindi 15 zikukwanirani kuti mukaone konse, mashopu a zikumbutso ndi malo odyera nsomba omwe. Sitima zikuluzikulu za alendo zimaimapo chifukwa cha Olympia, mabwinja amene ali pa mtunda wa makilomita oposa 30 kulowera kumtunda, kumene masewera a Olimpiki ankachitikira zaka zinayi zilizonse kuyambira mu 776 BC. Ine ndinafikako kawiri, ulendo woyamba pa basi ya kampani ya sitima, wachiwiri pa takisi, ndipo anzathu ena a pa tebulo lathu la m'sitimamo anakwera sitima yapamtunda.

Musanafunse mitengo, werengani maola. Pa galimoto ndi mphindi pafupifupi 40 kupita, 40 kubwera. Mabwinjawo amafuna ola limodzi ndi theka ngati simukuthamanga, ndipo myuziyamu, nyumba yosungiramo zinthu zakale, imafuna ola lina. Onjezanipo mzere wotsikira sitima, komanso lamulo loti aliyense akhale atakwera patatsala mphindi pafupifupi 30 kuti inyamuke. Sitima yoima maola asanu, nthawi yanu yatha kale pamenepo.

Basi ya kampani ndiyo yodula kwambiri pa munthu mmodzi, ndipo palibe chifukwa chobisira zimenezo. Koma ndalamazo zimagula chinthu chimene enawo alibe: basi ikachedwa pamsewu, sitima imakudikirani, pakuti ndi ulendo wawo. Mukachedwa panokha, amakusiyani pa doko mukukupiza manja. Chachiwiri ndi wotsogolera alendo. Ku Greece saloleza munthu wamba kufotokozera alendo mkati mwa mabwinja, amafuna wokhala ndi chiphaso cha boma, ndipo ku Olympia munthu ameneyu ndi wofunikadi. Kachisi wa Zeus, mulungu wamkulu wa Agiriki akale, amene anamalizidwa cha m'ma 456 BC, anagwetsedwa ndi zivomezi za m'zaka za m'ma 500 AD. Lero mumaona zidutswa za mizati zitandandalika pansi ngati mabuledi odulidwa. Popanda wokuuzani, simungadziwe kuti mkati mwake munali fano la Zeus lotalika mamita pafupifupi 12, lopangidwa ndi golide ndi minyanga ya njovu, limodzi mwa zodabwitsa zisanu ndi ziwiri za dziko lakale. Simungadziwenso kuti nyumba yanjerwa imene ili chapafupi, yooneka ngati tchalitchi, inali malo ogwiriramo ntchito a Pheidias, mmisiri amene anasema fanolo. Akhristu anaisandutsa tchalitchi pambuyo pake, ndipo ofukula zakale anapezapo zida zake ndi kachikho kolembedwa dzina lake.

Choipa cha basi ndinachiona ndi maso anga. Mabasi onse amanyamuka nthawi imodzi, amafika nthawi imodzi, ndipo amatsata njira imodzi, kuyamba mabwinja kenako myuziyamu. Ndiye mumangopondana zidendene. Ulendo wathu unatipatsa mphindi zochepa mu myuziyamu, koma nthawi yoima pa shopu yogulitsa mafuta a maolivi ndi uchi inapezeka yokwanira bwino. Ndinatuluka ndikung'ung'udza, fano lotchuka la mulungu Hermes nditangoliona chodutsa pakati pa mitu ya anthu. Musanalipire, werengani bwino zimene alemba za ulendowo, chifukwa maulendo ena amangokunyamulani basi, tikiti yolowera ndi wotsogolera mulibemo.

Takisi ndi imene ndinaikonda, ngakhale ili ndi zake. Madalaivala amadikira kunja kwa geti la doko ndipo mtengo amatchula wa galimoto yonse, kupita, kudikira ndi kubwera. Muli nokha zikuwawani m'thumba. Mukakhala anayi n'kugawana, nthawi zambiri zimatsika kuposa za kampani. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, choncho gwirizanani zonse musanakwere: ndalama zingati, akudikirani maola angati, akutengerani pati. Ife tinatsika m'gulu loyamba, tinanyamuka mabasi akadali kudzaza, ndipo tinalowa m'bwalo lothamangira muli anthu owerengeka.

Bwalo limeneli ndilo lokha lingandichititse kulipiranso takisi. Mumalowera pa kanjira kamene kale kanali kofoleredwa ndi miyala, lero kangotsala kachigawo kamodzi kokhota pamwamba. Musanalowe, kumanzere kuli mzere wa miyala 16 imene pankaima mafano a Zeus otchedwa Zanes, ogulidwa ndi chindapusa cha othamanga ogwidwa akuchita chinyengo, mayina awo atalembedwa pamunsi kuti aliyense wolowa awerenge. Ziphuphu pa masewera si za lero! Mkatimo mulibe mipando, anthu oposa 40,000 ankangokhala pa udzu wa m'mbali, kupatula oweruza amene anali ndi malo awo amiyala. Mzere woyambira ukadalipo, wamiyala yokhala ndi timigula toikamo zala zakumapazi, ndipo kutalika kwa bwalo ndi mamita 192. Aliyense amaloledwa kuthamangapo. Ine ndinathamanga theka, mawondo n'kundikumbutsa zaka zanga. Mu 2004, masewera atabwerera ku Athens, mpikisano woponya chitsulo unachitikira m'bwalo lomweli.

Titaona mabasi akufika, tinawasiyira mabwinja n'kulowa mu myuziyamu, kumene kunali kozizira komanso kopanda piringupiringu. Tikiti imodzi imakwanira malo onse awiri. Mmenemo ndi mmene muli zonse zimene kunja zikusowa: ziboliboli zimene zinali pamwamba pa kachisi wa Zeus, Nike, mulungu wamkazi wa chipambano, wosemedwa ndi mmisiri Paionios, wooneka ngati akutera kuchoka mumlengalenga, Hermes amene amati ndi ntchito ya mmisiri Praxiteles, ndi chisoti chankhondo cholembedwa dzina la Miltiades, mkulu wa asilikali a Athens amene anagonjetsa Aperezi ku Marathon mu 490 BC. Zambiri mwa izi zinatuluka m'nthaka Ajeremani atayamba kufukula mu 1875. Woona mabwinja okha, waona theka.

Chosowa pa takisi ndi wotsogolera uja. Dalaivala akhoza kucheza nanu njira yonse, koma pa geti atsala. Mungalembe wotsogolera wanuwanu pasadakhale, apo ayi werengani musanapite ndipo mudalire zikwangwani, zomwe zinalembedwanso m'Chingerezi.

Sitima yapamtunda ndiyo yotchipa kuposa zonse, ndipo anzathu aja anabwera akuiyamikira. Siteshoni ili pafupi ndi doko, kasitimako kamadutsa pa tauni ya Pyrgos ndi m'minda ya maolivi, n'kufika ku Olympia patatha mphindi pafupifupi 45. Kuchoka pa siteshoni kukafika pa mabwinja ndi wapansi, kudutsa m'tauni. Vuto lake ndi lakuti kamayenda maulendo ochepa pa tsiku, ndipo nthawi zake sizimayendera sitima yanu. Kakanyamuka inu mukadali pa mzere wotsikira, basi kapita. Chodetsa nkhawa kwambiri ndi pobwera, chifukwa mukaphonya ulendo umene munawerengera, muyamba kusaka takisi pamodzi ndi ena onse amene aphonya. Walira mvula walira matope. Ine ndingakwere ngati sitima yanga yaima maola asanu ndi awiri kapena kuposerapo, nditaona nthawi za tsiku lomwelo, m'thumba muli ndalama ya takisi yosungira.

Pa doko pomwepo pamakhalanso mabasi a makampani a m'deralo ogulitsa tikiti yopita ndi kubwera, otchipa kuposa a sitima. Ali pakatikati, amadziwa nthawi za sitima chifukwa ndi mmene amadyera, koma akachedwa palibe wokudikirani. Mabasi wamba a KTEL musawaganizire n'komwe, amafuna kusintha pa Pyrgos ndipo tsiku lithera pa depoti.

Nanga ndingasankhe chiyani? Ndili ndi makolo okalamba kapena ana aang'ono, kapena sitima ikuima maola asanu, ndikwera ya kampani mosadandaula. Tili anayi amphamvu zathu ndipo maola alipo, takisi. M'miyezi ya July ndi August kufika msanga kumafunika kwambiri, pakuti kutentha kumadutsa madigiri 35, ndipo ngakhale pakati pa mabwinja pali mitengo, m'bwalo muja mulibe mthunzi. Tengani madzi ndi chipewa. Guwa la kutsogolo kwa kachisi wa Hera, mkazi wa Zeus, pamene amayatsira moto wa Olimpiki ndi galasi lokoka dzuwa, lili poyera pomwepo ndipo n'losavuta kulipitirira osalizindikira.

Kwa ife oyenda ndi pasipoti ya Malawi, kusiyidwa pa doko kumapweteka kuposa anzathu a ku Ulaya. Greece ili m'dera la Schengen, gulu la mayiko a ku Ulaya olowedwa ndi viza imodzi, ndipo timalowa ndi viza. Ngati sitima ikupita ku doko la kunja kwa Schengen, monga ku Turkey kapena ku Montenegro, kuilondola panokha kumabweretsa nkhani ya mapepala ena, ndipo pasipotiyo mwina yatsala m'chipinda chanu m'sitima. Samalaninso ndi wotchi. Nthawi ya ku Greece ili patsogolo ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku Italy, kumene sitima zambiri zimachokera, ndipo foni imadzisinthira yokha osakuuzani. Funsani pa geti lotsikira kuti sitimayo ikutsata nthawi iti, jambulani chikwangwani cha nthawi yokwerera, ndipo nambala ya wothandiza sitima pa dokolo, imene amailemba pa pepala la tsiku lililonse, ikhale m'thumba.