Ndemanga ya bokosi la kompyuta la Corsair 4000D Airflow, nditaligwiritsa ntchito pafupifupi zaka ziwiri ku Chilomoni

Ntchito yanga ndi yokonza makanema a maukwati, a zinkhoswe ndi a misonkhano ya mipingo, ndipo ndimagwirira kunyumba ku Chilomoni, m'chipinda chomwe zenera lake linaloza kumsewu wopanda phula. Kompyuta ndiyo khasu langa, moti ikadwala tsiku limodzi, banja la eni ake limadikira kanema wa ukwati wawo pomwe ine ndikusowa choyankha. Ndemanga iyi ikunena za chinthu chimodzi chokha mwa zonse zopanga kompyuta ya pa tebulo, chomwe ndi bokosi lachitsulo losungiramo zipangizo, lija amisiri a ku Limbe amalitchula kuti casing, ndipo anthu ambiri m'maofesi amangoliti CPU, ngakhale kuti dzina limenelo ndi la purosesa yomwe imakhala mkati mwake. Bokosi lomwe ndikunena ndi Corsair 4000D Airflow, lomwe linayamba kugulitsidwa mu 2020, ndipo ine ndili nalo kuyambira mwezi wa Ogasiti 2023.

Ndiyambe ndi bokosi lomwe ndinali nalo kale, chifukwa popanda ilo sindikanadziwa kuti nkhaniyi ndi yaikulu chotere. Ndinaligula m'sitolo ina ya m'tauni, ndipo chimene chinandikoka chinali galasi la kutsogolo ndi magetsi amitundumitundu oyaka kuseri kwake. Kutsogoloko kunali kotsekeka konse, kupatula timing'alu tating'ono m'mbali mwa galasi, moti mafani atatu omwe anali pamenepo ankazungulira mwamphamvu koma akusowa mpweya woti akoke. M'miyezi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, vutoli silinkaoneka. Koma Okutobala atafika, denga la malata litatentha kuyambira m'mawa, kompyuta inayamba kulira ngati chigayo nthawi iliyonse ndikamatulutsa kanema wautali, ndipo ntchito inkachedwa moonekeratu. Chifukwa chake n'chodziwika kwa aliyense wokonza makompyuta: purosesa ikayandikira malire a kutentha omwe opanga anaiikira, imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse, ndipo ikapitirira pamenepo imazimitsa makina onse. Zoterezi zinandichitikira usiku wina Lachisanu, kanema akufunika m'mawa mwake. Kuyambira pamenepo ndinkachotsa chitseko cha m'mbali n'kulozetsako fani ya m'nyumba, zomwe zinkathandiza pa kutentha koma zinkalowetsa fumbi lonse la mumsewu mkati mwa zipangizo zomwe ndinazigula movutikira.

Bokosi latsopanoli linandifikira kudzera mwa mlamu wanga wokhala ku Johannesburg, yemwe analikweza basi yodutsa ku Beitbridge, ku Tete mpaka pa chipata cha Mwanza. Aliyense wofuna kutsata njira imeneyi adziwe kuti si katundu wamng'ono, pakuti kutalika kwake chokwera ndi mamilimita 466, kuchoka kutsogolo kufika kumbuyo 453, m'lifupi 230, ndipo kulemera kwake kukuyandikira makilogalamu asanu ndi atatu lisanaikidwemo kalikonse. Pa mtengo wogulira muyenera kuonjezapo ndalama yonyamulira ndi msonkho, ndipo mumuuze wotumiza kuti asalitulutse m'katoni yake kapena kutaya zotetezera za mkati pofuna kuchepetsa malo, chifukwa mbali imodzi ndi yagalasi. Ndinali ndi mwayi woligula kwacha isanatsitsidwe mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho mtengo womwe ndinalipira sungathandizenso munthu wogula lero.

Musanakopeke ndi maonekedwe a bokosi lililonse, tengani tepi yoyezera. Ma motherboard, mabolodi akuluakulu aja omwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, ali ndi miyeso yokhazikika: ATX, yomwe kampani ya Intel inakhazikitsa mu 1995, ndi ya mamilimita 305 ndi 244, microATX ndi 244 mbali zonse, pomwe Mini-ITX ndi 170 mbali zonse. Bokosi ili limalandira mitundu yonse itatuyi, ndipo yanga ya ATX inakhala bwino mopanda kukakamiza. Koma muyeso womwe umagwetsa anthu ambiri ulesi si wa motherboard ayi, ndi wa graphics card, khadi loyendetsa zithunzi ndi makanema, ndi wa choziziritsira purosesa. Makadi a masiku ano, makamaka a mafani atatu, ambiri amapitirira mamilimita 300, ndipo ndaonapo mnyamata wina ku Ndirande atadula chitsulo cha bokosi lake ndi sowo kuti khadi lomwe anagula lilowe, m'mphepete mwa chodulidwacho mukukanda mawaya. Mu 4000D muli malo a khadi lotalika mpaka mamilimita 360, ndi a choziziritsira chokwera mpaka mamilimita 170, kutanthauza kuti ngakhale chachikulu ngati Noctua NH-D15, chomwe ndi cha mamilimita 165, chimalowa chitseko n'kutsekeka. Ine ndili ndi choziziritsira chocheperapo, koma n'zokhazika mtima pansi kudziwa kuti tsiku losintha zipangizo sindidzafunika kugulanso bokosi lina.

Chomwe ndinaligulira kwenikweni ndi kutsogolo kwake. Ndi chitsulo choboolaboola kuyambira pamwamba mpaka pansi, mabowo ake a makona atatu, ndipo ukaika dzanja pamenepo kompyuta ikugwira ntchito, umamva mpweya ukukokedwa. Limabwera ndi mafani awiri a mamilimita 120, imodzi yokokera mpweya kutsogolo ndi ina yotulutsa kumbuyo. Kwa munthu wolemba makalata kapena wowerengera ndalama, awiriwo ndi okwanira. Kwa ine amene ndimapanikiza purosesa ndi khadi kwa maola angapo osapuma, ndinaonjezera mafani ena awiri kutsogolo, pakuti malo alipo a mafani atatu a 120 kapena awiri a 140, ndipo pamwamba pali malo enanso a awiri. Sindinachite zimenezi pofuna kuziziritsa kokha. Mafani olowetsa mpweya akachuluka kuposa otulutsa, mpweya wa mkati umakhala wopanikizika pang'ono, ndipo umatulukira m'ming'alu yonse ya bokosi m'malo moti ming'aluyo ikhale makomo olowera fumbi. Zikatembenuka, otulutsa n'kukhala ambiri, bokosi limayamwa mpweya paliponse pomwe pali kampata, ngakhale pomwe palibe sefa. M'mayiko ozizira ndi a misewu ya phula, mwina kusiyanaku n'kwakung'ono, koma kwa ife a ku Chilomoni, ku Bangwe kapena ku Machinjiri, komwe galimoto imodzi ikadutsa mu Seputembala tebulo limayera mbuu, iyi ndiyo nkhani yaikulu pa bokosi lonse.

Okutobala wa 2023 ndi wa 2024 ndinadutsa chitseko cha m'mbali chili chotseka, fani ya m'nyumba ikupepesera ine mwini osati makina. Kompyuta sinazimepo yokha chifukwa cha kutentha, ndipo kanema yemwe ndimamutulutsa masana dzuwa lili paliwombo amatenga nthawi yofanana ndi yemwe ndimamutulutsa mbandakucha. Zipangizo zamkati sindinasinthe ngakhale chimodzi pochoka m'bokosi lakale, kupatula kuonjezera mafani aja ndi kupakanso mafuta a pakati pa purosesa ndi choziziritsira, motero ndikukhulupirira kuti kusintha kwakukulu kunabwera ndi mpweya.

Masefa a fumbi alipo atatu: wamkulu kuseri kwa chitsulo cha kutsogolo, wina wogwira ndi maginito pamwamba, ndi wina pansi pomwe power supply, chipangizo chogawira magetsi ku zipangizo zonse, imakokera mpweya. Chitsulo cha kutsogolo chimachoka pongochikoka ndi manja, popanda sikuluu iliyonse, ndipo ichi n'chofunika kwambiri chifukwa ntchito yovuta munthu amaizengereza. M'chilimwe ndimachotsa sefa wa kutsogolo masabata awiri aliwonse, ndipo ndimamupeza atafiira ngati wapakidwa dothi la katondo. Ndimamutsuka ndi madzi, n'kumuyanika mpaka aume gwa ndisanamubwezere, pakuti sefa wonyowa ndi woopsa kuposa wafumbi. M'dzinja fumbi limachepa, koma lomwe latsalira limanyowa ndi chinyezi n'kumata pazitsulo, choncho ndimayeretsa mkati monse mvula yoyamba isanagwe. Sefa sagwira fumbi lonse, lija losalala ngati ufa woyera limadutsabe, ndipo ndisaname kuti mkati mumakhala mopanda kanthu. Koma chomwe ndimapezamo pakatha miyezi itatu n'chochepa kuposa chomwe ndinkapeza m'bokosi lakale pakatha sabata imodzi. Mukamapemerera ndi blower, gwirani fani iliyonse ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso wake. Masefawa amatchinganso mphemvu ndi nalimata, zomwe zimakonda malo ofunda ndipo amisiri amazipeza kawirikawiri zitafera mu power supply.

Kumanga kunali kosavuta. Sindinachekedwe chala ngakhale kamodzi, chifukwa m'mphepete mwa zitsulo ndi mopindidwa bwino, ndipo kuseri kwa motherboard kuli mpata wa mamilimita 25 ndi ngalande yodutsitsa mawaya yokhala ndi zomangira zake. Ena amayesa kubisa mawaya ndi nkhani ya kudzikongoletsa chabe, koma mawaya olendewera pakati amatchinga mpweya ndi kukola fumbi, ndiponso amavutitsa tsiku lomwe ukufufuza chomwe chavuta. Malo a power supply ali pansi, otchingidwa paokha. Pafupi pake pali kachipinda ka ma hard drive awiri a mainchesi 3.5, komwe ndimasungira makanema a makasitomala, ndipo kuseri kuli malo a ma SSD awiri a mainchesi 2.5, omwenso ndi osungira mafayilo. Power supply ikhale yosapitirira mamilimita 180 ngati kachipindako mukufuna kukasiya m'malo mwake.

Pali zinthu zingapo zomwe wogula ayenera kudziwiratu, zomwe opanga sanabise koma munthu angathe kuziphonya. Pamwamba chakutsogolo pali polowetsera USB ya mtundu wakale pamodzi pokha, pena pa USB-C, ndi bowo limodzi la mahedifoni ndi maikolofoni. Ine amene makasitomala amabwera ndi ma flash awiri kapena atatu nthawi imodzi, ndinagula kachipangizo kochulukitsira malo olowetsera, kamene kamakhala pa tebulo. Polowetsera USB-C pamagwira ntchito pokhapokha ngati motherboard yanu ili ndi polumikizira pake papadera, ndipo ma motherboard ambiri akale kapena otsika mtengo alibe. Yanga ilibe, choncho waya umenewo ndinangoumangirira kuseri. Komanso mulibe malo a DVD, monga zilili ndi mabokosi ambiri a masiku ano. Makolo ena achikulire amafunabe chimbale cha ukwati wa ana awo kuti akaonere kumudzi, ndipo ndimawalemekeza pa zimenezo, motero ndili ndi chowotchera zimbale cholumikiza pa USB. Amene ntchito yake yaikulu ikadali ya zimbale aganize bwino pamenepa.

Za phokoso, bokosi lopuma momasuka limatulutsanso mawu momasuka. Mafani amamveka, makamaka usiku mudzi ukakhala zii, koma chifukwa safunika kuthamanga kwambiri, kulira kwake ndi kwapansipansi ndiponso kosasinthasintha, ndipo sikundisokoneza ndikamamvetsera malumbiro kapena kwaya m'kanema. Galasi la m'mbali ndi lolimbitsidwa, koma galasi la mtundu umenewu limaphwanyika lonse kukhala tizidutswa ngati ngodya yake yagunda matailosi kapena simenti, ndipo nyumba zathu zambiri pansi pake ndi potero. Ndikamalichotsa ndimaligoneka pabedi, osati pansi. Bokosi lenilenilo ndinaliika pa kabenchi komwe anandikhomera kalipentala wa m'dera lathu, kuti litalikirane ndi fumbi la pansi komanso madzi okolopera.

Bokosili silibwera ndi power supply, ndipo ena angaone ngati kumeneko ndi kuperewera poyerekeza ndi mabokosi otchipa omwe amagulitsidwa ndi yake yomweyo. Ine ndikuona mosiyana. Power supply yongoperekedwa ngati basera nthawi zambiri siidziwika kuti anapanga ndani, ndipo pamene magetsi athu a mavoti 230 amathima ndi kubwerera mwadzidzidzi, sindingamangirire purosesa, khadi ndi makanema a anthu pa chipangizo chomwe sindikuchidziwa. Ndinagula yanga padera, ya kampani yodziwika, ndipo ndinaikanso UPS, batire yogwira ntchito magetsi akathima, yondipatsa mphindi zosungira ntchito ndi kuzimitsa kompyuta mwadongosolo. Bokosi labwino silingateteze zipangizo ku magetsi, choncho polemba bajeti musathere ndalama zonse pa bokosi n'kuumira pa ziwirizi.

Kwa wokonza makanema, wojambula mapulani a nyumba, wophunzira zauinjiniya ku MUBAS kapena wosewera masewera olemera, ndikulivomereza bokosili ndi mtima wonse, ndipo pa nyenyezi zisanu ndikulipatsa zinayi ndi theka, theka lotsalalo ndikulisungira malo ena olowetsera USB omwe ntchito yanga ikanawafuna. Kwa amene akumanga kompyuta ya mu ofesi yopanda graphics card, ili ndi lalikulu mopitirira zosowa zake, ndipo bokosi laling'ono la microATX lingamukwanire, bola kutsogolo kwake kukhale koboola ndiponso kukhale sefa wochotseka. Ngati 4000D simunalipeze m'masitolo a ku Limbe kapena a pa Ginnery Corner, pemphani wogulitsa achotse chitsulo cha kutsogolo cha bokosi lomwe ali nalo, muone ndi maso anu komwe mpweya ukulowera, muyeze malo a khadi, ndipo mufunse ngati sefa amachoka popanda kumasula masikuluu. Ine chaka chamawa ndikufuna kusintha motherboard ndi purosesa, ndipo zatsopanozo zidzalowa m'bokosi lomweli. Posankha motherboard ndidzayamba ndayang'ana ngati ili ndi polumikizira waya wa USB-C uja wakhala chimangirireni kuseri kuyambira 2023.