DAB, DAB+ ndi HD Radio, kusiyana kwake kuli pa mwini mux

Anthu akamva zoti wailesi ya digito amangoti ndiye kuti mawu ake ndi oyera basi, koma nkhani yagona pa multiplex, ena amangoti mux, kutanthauza siginolo imodzi yonyamula masiteshoni angapo pamodzi. Pa FM siteshoni iliyonse ili ndi frequency yake. Pa DAB, njira ina youlutsira wailesi ya digito, ayi, masiteshoni khumi kapena kuposa amathithikana pa frequency imodzi nkumagawana malo a data a pafupifupi 1.2 Mbps basi. Ili ngati nyumba ya lendi, landilodi ndi amene amadula zipinda.

Ku UK malandilodi a dziko lonse alipo atatu, BBC ili ndi mux yakeyake, kenako Digital One ya kampani ya Arqiva yomwe inayamba 1999, ndi Sound Digital yomwe inabwera 2016, awiri omalizawa layisensi amatenga ku Ofcom, bungwe loyang'anira zoulutsa mawu kumeneko. Ndiye poti malo ndi ndalama, siteshoni imagula kachipinda kakang'ono, mpake masiteshoni ambiri pa DAB yakale amamveka mono, nyimbo zili phwaa ngati ukumvera pa foni, pomwe FM yomweyo inali stereo.

Apa mpomwe DAB+ imapambanira. DAB yakale imagwiritsa ntchito MP2, njira yopanikizira mawu yomwe imadya malo kwambiri, pomwe DAB+ ili ndi njira ina yotchedwa HE-AAC yoti pa 48 kbps stereo ikutuluka ndithu, ndiye mux imodzi imanyamula masiteshoni ochuluka. Siginolo ikafooka DAB yakale imachita bwibwibwi ngati phala likuwira, DAB+ imangokhala zii. Ine bola zii yo. Chenjezo ndi loti wailesi ya DAB yokha simva DAB+, dzina la siteshoni mutha kuliona pa sikirini koma mawu osatuluka, ndiye yang'anitsitsani kachizindikiro ka + musanapereke ndalama.

HD Radio ya ku America ilibe landilodi wotere. Siteshoni imakhala pa frequency yake ya FM yomweyo nkuwonjezerapo matchanelo a digito, HD1 (pulogalamu yomweyo ya pa FM), HD2 ndi HD3, ndipo digito ikathawa HD1 imabwerera yokha ku FM wamba, chinthu chabwino zedi ukamayendetsa galimoto. HD2 ndi HD3 zilibe kothawira, zimangoduka. Komanso ukadaulowo uli ndi kampani yake, opanga mawailesi amalipira layisensi.

Kusankha kwenikweni amakusankhirani ndi dziko lomwe muli. Norway inazimitsa FM ya masiteshoni a dziko lonse mu 2017, kumeneko wailesi ya HD palibe chomwe ingakupindulireni. Komwe kuli DAB, ine ndingagule yolembedwa DAB+ ndi FM zonse, ija ya DAB yokha ngakhale itatchipa bwanji ndingaisiye.