Thumba la nyemba ndi makina a mphepo: mabuku awiri amene ndamaliza kuwerenga

Mabuku awiriwa ndinawagula kwa munthu wina wogulitsa mabuku akale kufupi ndi msika wa Kapata kuno ku Chipata, ndipo ndakhala ndikuwawerenga madzulo ndikaweruka kuntchito. Loyamba ndi nkhani yopeka, A Cowrie of Hope, imene Binwell Sinyangwe wa m'dziko lathu lino la Zambia anatulutsa mu 2000. Lachiwiri ndi mbiri yeniyeni ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu ku Malawi, The Boy Who Harnessed the Wind, imene analemba mothandizana ndi Bryan Mealer mu 2009. Pogula sindinadziwe kuti onsewa akukamba za chinthu chimodzi, chimene ndi mwana wanzeru amene sukulu ikumupulumuka chifukwa cha kusowa kwa ndalama.

Buku la a Sinyangwe ndi lalifupi, koma ndi limene landikhalitsa mumtima. Nasula ndi mayi wamasiye wa kumudzi kudera la Mbala, amene achibale a mwamuna wake anamulanda katundu maliro atatha, ndipo chimene watsala nacho ndi thumba limodzi la nyemba loti akagulitse ku Lusaka kuti mwana wake Sula apitirize sukulu. Atafika kumsika, munthu wovala bwino akumunamiza kuti agula, kenaka akuzemba ndi thumba lonse osalipira kanthu. Pofika pamenepo ndinatseka bukulo kwa kanthawi, chifukwa ndinakumbukira azakhali anga atakhala pa thumba la mtedza pa siteshoni ya mabasi usiku wonse, osalola kugona ngakhale pang'ono, popeza m'thumbamo munali fizi ya ana awiri. Wolembayu amadziwa kulemera kwa katundu wotere, amadziwanso mmene zaka za m'ma 1990 zinafinyira anthu akumudzi pamene fetereza anakwera mtengo ndipo misika ya mbewu inasokonekera. Lamulo loteteza chuma cha amasiye linalipo kale kuyambira mu 1989, koma bukuli likusonyeza bwino kuti kumudzi mawu a alamu ankaposa pepala la boma. Chimene sichinandikhutiritse ndi mathero ake, pamene chilungamo chikubwera kudzera mwa mkulu mmodzi wa apolisi wokhulupirika; ndinasangalala chifukwa cha Nasula, komabe amayi ambiri amene ndimawadziwa amabwerera kwawo chimanjamanja.

Buku la Kamkwamba ndi lalitali, ndipo anthu amalidziwa chifukwa cha makina a mphepo opanga magetsi amene mnyamatayu anapanga ali ndi zaka 14, pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, njinga yakale ya bambo ake, chopemerera cha thirakitala ndi dainamo. Ife a ku Chipata, kumene njinga imanyamula chilichonse kuyambira makala mpaka munthu wodwala, timamva msanga mmene dainamo imayatsira nyali gudumu likamazungulira, choncho mafotokozedwe ake sanandivute. Nzeruyo anaitola m'buku la Using Energy limene anapeza mu laibulale yaing'ono ya pa pulayimale atasiya sukulu ya sekondale, ndipo anthu a m'mudzi pomuona akutoleza zitsulo kudzala ankati wachita misala.

Komabe kwa ine mphamvu ya bukuli ili m'mitu yofotokoza njala ya 2001 ndi 2002. Banja likudya kamodzi patsiku, anthu akusakasaka ganyu, gaga amene kale ankapatsa ziweto akusanduka chakudya cha anthu, ndipo galu wake Khamba akuwonda mpaka kufa. Kasungu ndi pafupi ndi kwathu, chilankhulo ndi chimodzi, nsima ndi yomweyo, ndipo njala imeneyo sinaime pa malire a Mwami. Mitu yakumapeto, yokhudza msonkhano umene Kamkwamba anaitanidwako ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007 ndi maulendo akunja, ndinaiwerenga mothamanga, chifukwa ikuoneka kuti inalembedwera owerenga a kutali.

Kuchokera mu 2022 boma la Zambia linachotsa fizi m'sukulu zake mpaka kusekondale, ndiye mdzukulu wa Nasula lero sakanadalira thumba la nyemba kuti alowe m'kalasi, ngakhale yunifolomu, nsapato ndi makope zikufunabe ndalama. Chondiwawa nchakuti mabuku onse awiri amene ndili nawo ndi a Chingerezi. Amayi anga anandifunsa chimene chimandigoneka mochedwa, ndipo ndawafotokozera nkhani ya Nasula m'chilankhulo chathu kwa masiku atatu tili pa mphasa. Atamva za kubedwa kwa nyemba anafunsa ngati mayiyo anali atamanga ndalama ya basi yobwererera pa nsonga ya chitenje.