Zebrafish kapena mbewa: kafukufuku wa ubongo muyambire pati?

Anzanga amene mukufuna kufufuza za ubongo mu labotale, funso ili simudzalithawa: muwete kansomba ka zebrafish kapena mbewa? Ine ndili kumbali ya kansomba, ngakhale pali malo ena pomwe kamagonja.

Kansombaka si mbuna yamizeremizere ya m'Nyanja ya Malawi ija ayi. Kwawo ndi ku India, Bangladesh ndi Nepal, m'timitsinje ndi m'minda ya mpunga, ndipo kutalika kwake sikuposa chala. Anakalowetsa mu sayansi ya majini ndi George Streisinger wa pa University of Oregon ku America. Iye anali katswiri wa mavairasi ogwira mabakiteriya, koma ankafuna nyama ya msana yoti aziifufuza mosavuta chimodzimodzi. Analimbana nako zaka pafupifupi khumi mpaka 1981, pomwe magazini ya Nature inasindikiza njira yake yoswetsera tinsomba tofanana majini. Anamwalira mu 1984, ntchito isanafalikire. Pofika 1996 magazini ya Development inatulutsa kope lathunthu la zebrafish yokhayokha, nkhani 37 zochokera kwa Christiane Nüsslein-Volhard ku Tübingen, Germany, ndi Wolfgang Driever ku Boston.

Chomwe chinakopa anthu onsewa mungachione nokha pa maikulosikopu. Nsomba yaikazi imodzi imatha kuikira mazira pafupifupi 200 pa sabata, ndipo mazirawo amakulira kunja, m'kambale ka madzi ofunda madigiri 28.5. Dzira ndi loonekera mkati ngati galasi. Mukaliika lero m'mawa, mawa lake mupeza kamtima kayamba kugunda, mutu ndi mchira zaumbika kale. Tsiku lachisanu kamwanako kakusambira, kakusaka chakudya. Mbewa imatenga bere pafupifupi masabata atatu, ana ake kawirikawiri safika khumi, ndipo kuti muone mwana akukula m'mimba muyenera kupha make.

Pa ubongo mpamene kusiyana kumakula. Kamwana ka zebrafish kali ndi maselo a ubongo pafupifupi 100,000. Mu 2013 Misha Ahrens ndi Philipp Keller a ku Janelia, malo ofufuzira za sayansi ku America, anajambula maselo oposa 80 pa 100 alionse akugwira ntchito, kansomba kali moyo, osang'amba paliponse. Mbewa ili ndi maselo pafupifupi 70 miliyoni, obisika m'chigaza. Mumaboola kawindo n'kusuzumira kachigawo kochepa chabe. Komanso zebrafish ikaduka mtsempha wa msana kapena kuvulala m'diso imameretsanso minyewa, zomwe mbewa ndi ife sitingathe.

Poyesa mankhwala, tiana ta zebrafish timaikidwa kamodzikamodzi m'mbale ya timaenje 96, mankhwala n'kuthira m'madzi. Ndi mmene Scott Baraban wa ku San Francisco anayesera mankhwala 320 pa tinsomba ta khunyu la Dravet (mtundu woopsa wa khunyu woyamba paukhanda) mu 2013, napeza kuti clemizole amaletsa kugwa. Kuyesa mankhwala ochuluka chonchi pa mbewa kungathe ndalama za dipatimenti yonse.

Tsono apa pomwe mpamene mbewa imabwezera. Mankhwala othira m'madzi nkovuta kudziwa kuti alowa ochuluka bwanji m'thupi la nsomba, pomwe mbewa mumaibaya jakisoni kapena kuimwetsa muyezo wodziwika, monga amachitira ndi wodwala. Mbewa ndi nyama yoyamwitsa, ubongo wake uli ndi cortex (chikuto cha pamwamba pa ubongo) ya magawo asanu ndi limodzi monga wathu. Nsomba ilibe zimenezi. Ngati funso lanu ndi la kukumbukira, kuiwala kwa okalamba kapena matenda a maganizo, musadzivute, pitani ku mbewa.

Palinso msampha wa majini. A Sanger Institute ku Britain anapeza mu 2013 kuti majini pafupifupi 70 pa 100 alionse a munthu ali ndi anzake mu zebrafish. Nzoona, koma ena mwa iwo ali awiriawiri mu nsombayi, chifukwa makolo a nsombazi anachulukitsa majini awo onse kalekale. Mukadula jini imodzi ndi CRISPR, njira yodulira ndi kusinthira majini, inzake ija imatha kugwira ntchito m'malo mwake, inu n'kumaganiza kuti jiniyo ilibe ntchito.

Za ndalama, nsomba ndi yotchipa kuweta, koma musanamizidwe. Mathanki amadalira pampu, chotenthetsa madzi ndi sefa, usana ndi usiku. Komwe magetsi amazimazima, jenereta kapena sola ikhale pa bajeti musanagule nsomba ngakhale imodzi. Madzi a pampopi okhala ndi klorini amazipha.

Labotale yaing'ono yofuna kuona mmene minyewa imaumbikira, kapena kusefa mankhwala ambiri mwachangu, iyambe ndi zebrafish. Mankhwala awiri kapena atatu amene apambana pa nsomba ndi amene mudzapite nawo kwa anzanu oweta mbewa.