Ganyu wa pa foni uja: zimene kope langa likusonyeza patatha miyezi 9

Mu Malichi ndinali ngati mlaliki. Aliyense wobwera kudzagula sopo kapena machesi pa okala yanga pano pa Chitakale sankachoka asanamve kuti foni imalipira. Ndinali nditangolandira K3,000 yoyamba pa Mpamba chifukwa chojambula mitengo ya mafuta ophikira m'magolosale atatu, ndiye mtima unali m'mwamba. Pano tili mu Disembala, tiyi wayambanso kuphuka, ndipo ena mwa anthu amene ndinawakopa aja akumandifunsa ngati ndikupitirizabe. Ndikupitiriza, koma osati m'mene ndinkauzira anthu muja.

Kwa amene sanamvepo, nkhani yake ndi iyi. Makampani opanga zakumwa, sopo, feteleza, ngakhale mabanki ndi mabungwe othandiza anthu, amafuna kudziwa zimene ife timagula, mtengo wake komanso zimene timaganiza. Iwowo amalipira makampani ochita kafukufuku, ndipo ochita kafukufukuwo amatigawirako nyenyeswa tikayankha mafunso awo. Kale zimenezi tinkazidziwa ndi anthu a National Statistical Office aku Zomba, oyenda khomo ndi khomo monga pa kalembera wa 2018. Pano mafunso amangolowa m'foni uli pamphasa.

Ine ndinaika ma app anayi pa itel yanga, kuphatikiza mafunso obwera pa SMS omwe safuna intaneti. Pofika lero yatsala app imodzi ndi ma SMS aja. Mayina sinditchula, chifukwa zina zimene ndinene pano ndi madandaulo.

Imene yatsalayo ndi yotuma ntchito. Imakuuza kuti pita pa sitolo yogulitsa shuga, jambula paketi ya kilogalamu imodzi, lemba mtengo wake. Kapena jambula pamalo omwetsera mafuta a galimoto, unene ngati petulo alipo komanso ngati pali mzere. Ntchito iliyonse ili ndi mtengo wake, wochepa ndithu, koma ikavomerezedwa ndalama imalowa. Kwa ine zinagwirizana chifukwa ndimapita kale ku Limbuli kukapikula katundu, ndipo kamodzi pamwezi ndimafika ku Limbe. Thiransipoti ndi ya bizinesi, zithunzizo ndimangotolera m'njira. Ndinayesapo kamodzi kukwera njinga yamoto dala kupita ku Likhubula chifukwa cha ntchito ziwiri zimene zinaoneka kumeneko. Nditabwerera ndinapeza kuti wa kabaza ndiye wapindula. Sindinabwerezenso.

Koma kujambula m'sitolo ya munthu si nkhani yamasewera, ndipo app siikuuza zimenezo. Tsiku lina la msika ku Limbuli, nthawi imene shuga ankasowa, ndinalowa m'sitolo ina n'kutulutsa foni. Ndisanadine n'komwe, bambo mwini wake anali atazungulira kale kauntala.

"Mayi, mukujambula chiyani?"

"Mtengo wa shugayu basi, bambo."

"Mwatumidwa ndi ndani? Ndinu a boma?"

Anyamata awiri amene ankatsitsa makatoni anaima n'kumandiyang'ana. Ndinamvetsa mantha awo: masiku amenewo a Competition and Fair Trading Commission ankatchulidwa kwambiri pa wailesi pa nkhani ya amalonda obisa shuga ndi okweza mitengo. Ndinawaonetsa foni, iwo anaitembenuza uku ndi uku, kenako anati, "Gulani kaye paketi imodzi, mukajambulire panja." Ndinagula, poti shugayo ndinkamufuna kale pa okala. Nditafika kunyumba ndinapeza uthenga woti chithunzi chakanidwa chifukwa sichikuonetsa shelefu. Kuyambira tsiku limenelo ndimajambula kwa anthu okhawo amene ndimapikulako, ondidziwa, ndipo ndimayamba ndapereka moni, kugula, kenako kupempha. Mayi wina amandiseka kuti ndine mtolankhani wa sopo, koma amandisendezera yekha mabotolo kuti zilembo zioneke bwino.

Vuto lina la kuno kwathu ndi malire. Ukayandikira ku Muloza foni imakonda kulumphira pa netiweki ya ku Mozambique, ngati uli ku Milange. Ntchito zimenezi zimatsata GPS, ndiye zikasokonezeka app imaona ngati ukunama za malo amene uli. Zithunzi zanga zisanu ndi chimodzi zinapita m'madzi mwa njira imeneyi. Mwana wa achemwali anga ndiye anandionetsa posankha netiweki pamanja m'malo moisiya izisankha yokha. Nyengo ya chiperoni nakonso kuli zake: m'sitolo mumachita mdima masana, kamera ya foni yotchipa imatulutsa chithunzi ngati chajambulidwa mu utsi, ndipo oyang'ana zithunzizo sakhululuka.

Ma app atatu amene ndinachotsa ndi a mafunso ataliatali aja, ndipo ndi amene anandidyera nthawi kwambiri. Amakuonetsa kuti kafukufuku uyu ndi wa mphindi 10, ulandira masenti 50 aku America. Pa mtengo wa kubanki, umene wakhala pa K1,700 ndi kanthu chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, imeneyo ndi pafupifupi K870. Ukuyamba. Zaka zako, ndiwe mwamuna kapena mkazi, umakhala m'tauni kapena kumudzi, pakhomo pamalowa ndalama zingati, muli ndi firiji, muli ndi galimoto, unakwerapo ndege miyezi 12 yapitayi. Wayankha zonsezi, mphindi zisanu ndi ziwiri zatha, kenako akuti pepani, simukuyenera pa kafukufukuyu. Osalandira kanthu, mwina timapointi tiwiri topukutira misozi.

Poyamba ndinkaona ngati ndi kuba. Kenako ndinamvetsa m'mene zimayendera, ngakhale kumvetsako sikunachotse kuwawa. Kampani ikamalamula kafukufuku imanena mtundu wa anthu amene ikufuna ndi chiwerengero chawo: amuna angapo, akazi angapo, a msinkhu wakuti, opeza ndalama mwakuti. Gulu lako likadzaza, kapena ngati sali kukufuna n'komwe, amakutulutsa. Ndipo amene amafunidwa kawirikawiri ndi wa ku Namiwawa kapena Area 47, wogula m'masitolo akuluakulu ndi khadi. Mayi wa zaka 38 wa pa Chitakale, wophikira makala, amene amagulitsa mafuta ophikira oyeza m'timapepala, safunidwa kwenikweni. Chodabwitsa n'chakuti sopo wawoyo timagulitsa ndife, chidutswachidutswa, kwa anthu othyola tiyi ku Lujeri akalandira. Mu Juni ndinawerenga dala: ndinayamba mafunso 40, ndinafika kumapeto kwa 6 okha.

Alamu anga anati vutolo ndi losavuta. Iwo analembetsa kuti ndi manijala, ali ndi galimoto ziwiri, amakhala ku Blantyre. Masabata atatu oyamba mafunso ankawagwera ngati mvula, ndipo ankabwera pa okala kudzandionetsa mapointi. "Mlamu, inu chilungamo chanucho mudzadya?" Koma makinawo amasunga zimene unayankha kale, ndipo amabwereza funso lomwelo mwa njira ina. Lero wati galimoto ndi Toyota, sabata yamawa waiwala wati Nissan. Amaikanso mafunso a msampha, monga lakuti "pa funso ili sankhani yankho lachitatu", kuti aone ngati ukuwerengadi, komanso amayeza liwiro limene ukudinira. Alamu anatsekeredwa akaunti ili ndi madola 7 mkati, atatsala pang'ono kufika potapa. Masiku ano nkhaniyi sitiikamba pakhomo.

Inenso ndili ndi anga amene anatsakamira. App ina siilola kutapa usanafike madola 10. Ndinakwawa miyezi inayi mpaka kufika, ndiye pofuna kutapa ndinapeza kuti njira zake ndi makhadi ogulira zinthu m'masitolo a kunja ndi akaunti ina ya pa intaneti yofuna khadi la kubanki limene ine ndilibe. Airtel Money panalibe, Mpamba panalibe. Kulakwa kunali kwanga: ndikanayamba ndayang'ana tsamba lotapira ndisanayankhe funso ngakhale limodzi. Aliyense wondifunsa pano ndimamuuza chimenechi choyamba.

Za pa SMS ndilibe nazo mawu ambiri. Zimabwera mwa apo ndi apo, mwina kawiri pamwezi, mwina mwezi wonse zii. Nthawi zambiri amafunsa za chakudya pakhomo, mtengo wa chimanga, kapena wailesi imene ndamvera dzulo. Zina zimabwera m'Chichewa, kuyankha n'kwaulere, ndipo mayunitsi amalowa tsiku lomwelo kapena mawa lake. Zimatheka ngakhale pa kafoni ka mabatani. Mayunitsi sungagulire ndiwo, koma ndi zokhazo zimene sizinandikhumudwitsepo.

Chimene chimandipweteka mtima ndi cha mtsikana wina wa kutchalitchi kwathu. Atamva ulaliki wanga uja anakafufuza yekha, n'kupeza uthenga pa WhatsApp wolonjeza K20,000 patsiku, bola alipire K5,000 yolembetsera. Anatumiza. Kenako anamuimbira kuti atchule manambala amene abwera pa foni yake kuti "atsegule akaunti". Mwamwayi ejenti amene anali naye pafupi anamulanda foni asanamalize kuwerenga. K5,000 ija inapita. Anabwera pa okala osandiimba mlandu, koma ine ndinadziwa kuti mbewuyo ndinafesa ndine. Pa miyezi yonseyi palibe wa kafukufuku weniweni amene anandipemphapo ndalama, PIN, kapena manambala otsimikizira. Iwo ndiwo amalipira iwe. App imodzi inafuna chithunzi cha chiphaso changa cha unzika, mbali zonse ziwiri, ndipo imeneyo ndinaichotsa usiku womwewo. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act ya 2024, koma chiphaso chikafika pa kompyuta ya kutsidya kwa nyanja, ine wa pa Chitakale ndikachilondola bwanji?

Tsopano kope. Ndimalemba zonse kumapeto kwa kope la ngongole za pa okala. Kuyambira Malichi mpaka Novembala, ntchito zojambula zandipatsa K71,000. Mafunso ataliatali, zimene ndinakwanitsa kutapa, K16,000. Mayunitsi a pa SMS K9,400. Zonse pamodzi K96,400. Pamenepo ndichotsepo K31,000 ya mabandulo owonjezera, chifukwa kutumiza zithunzi kumadya intaneti, ndi K18,000 ya batire latsopano, poti lakale linafufuma mu Seputembala. GPS ikakhala yoyatsa tsiku lonse foni imatentha ngati mbatata yootcha, ndipo magetsi akazima kutchajitsa n'kolipira. Zotsala ndi K47,400, kutanthauza pafupifupi K5,300 pamwezi. Maola amene ndinathera pamenepo sindinawerengere, ndipo mwina ndi bwino choncho. Thumba limodzi la chinangwa chouma kapena dengu la nanazi, ndikaligulitsa bwino, limandipatsa phindu loposa pamenepo popanda wondifunsa ngati ndinakwerapo ndege.

Nanga bwanji sindikusiya? Chifukwa nditachotsa ma app atatu aja masamu anasintha. Mu Okutobala ndi Novembala bandulo inatsika, nthawi yotayika inachepa, ndipo ya zithunzi ija inakwanira kulipira intaneti yanga yonse n'kutsalako ya mchere ndi sopo. Palinso phindu lina limene sindinaliyembekezere. Poti sabata iliyonse ndimalemba mitengo ya m'masitolo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndimadziwa msanga mafuta ophikira akayamba kukwera ku Limbuli, ndipo kawiri konse ndapikula zigubu mtengo usanasinthe. Phindu la maulendo awiri amenewo silili m'kope la kafukufuku, koma linaposa la mafunso ataliatali onse aja.

Madola 10 aja akadali pomwepo. App ndinaichotsa, koma imanditumizirabe imelo mwezi uliwonse kundikumbutsa kuti ndili ndi ndalama zodikira. Mwana wa achemwali anga akuti akatsegula akaunti ku banki chaka chamawa tidzayesa kutapira kwa iye, tidzagawane pakati.