Modemu ikatanganidwa: kuyesa mobwereza kapena kudikira ndi flock?

Script (kapulogalamu ka malamulo olembedwa) ikafuna kutsegula /dev/ttyS0, khomo la serial lomwe modemu yalumikizidwako pa Linux, koma pulogalamu ina ikuligwiritsa kale ntchito, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuyesa, kupumira ndi sleep (lamulo lodikira kanthawi), n'kuyesanso. Yachiwiri ndi flock, lamulo loika loko pa fayilo: flock -w 60 imadikira mpaka masekondi 60 kuti pulogalamu inayo isiye.

Kulemba: zonse n'zosavuta.

Liwiro: kubwereza kumataya masekondi, flock imalowa nthawi yomweyo pulogalamu inayo ikangosiya.

Kudalirika: apa ndiye pofunika kusamala. Flock imathandiza pokhapokha pulogalamu inayo ikamaigwiritsanso ntchito, monga picocom, pulogalamu yolumikizirana ndi modemu. Koma Minicom, pulogalamu ina ya ntchito yomweyo, imaika fayilo ya LCK..ttyS0 mu /var/lock ngati loko wake, ndipo flock siiona n'komwe.

Ngati mapulogalamu onse munalemba nokha, sankhani flock, ine ndimaikonda kwambiri. Ngati ndi osakanikirana, bwerezani, koma ikani malire, mwina kasanu, kuti script isazungulire mpaka kalekale.